Timizere ta pafoni tinandidyera manja a agogo

Chithunzi chomaliza cha agogo anga ndinajambula ndine, ndipo ndinachiwononga ndi nzeru zobwereka. Unali ukwati wa msuweni wanga. Agogo anakhala pampando wapulasitiki, manja ali pamaondo, ine n'kuyatsa timizere ta pakamera ya foni tija, tiwiri toimirira, tiwiri topingasa, togawa chithunzi m'timabokosi 9. A pa YouTube amati munthu usamuike pakati, umuike pomwe mizere yakumana. Ndinamvera. Nkhope ya agogo ili pamphambano yakumanzere bwinobwino, kwinako ndi khoma la holo ndi kumbuyo kwa minibasi. Manja mulibe. Manja amene anaumba miphika moyo wawo wonse ndinawadulira m'zigongono.

Lamuloli, lomwe amati rule of thirds, si lachabe ayi. Dzina lake linayamba kuoneka mu 1797 m'buku la John Thomas Smith, Remarks on Rural Scenery, kujambula ndi kamera kusanayambe. Mkuluyu ankanena za kupenta malo: thambo litenge gawo lotani, mtunda ndi madzi zitenge lotani. Pojambula nyanja kapena phiri limathandizadi. Vuto ndi lakuti ife talisandutsa mfumu, moti diso limakhala pa mzere, munthu ali pamaso pakoyo osamuona.

Amene anandichititsa manyazi ndi Seydou Keïta wa ku Bamako, Mali, yemwe anatsegula situdiyo yake mu 1948. Kasakeni zithunzi zake, mabandulo anu sapita pachabe. Anthu ake ambiri ali pakatikati penipeni, pomwe aphunzitsi a pa intaneti amaletsa paja, koma chithunzi sichigona tulo. Chifukwa chake n'chakuti palibe kachigawo kongotsala. Kumbuyo ankapachika nsalu yamaluwamaluwa, poyamba inali ya pabedi pake, ndiye nsaluyo imakangana ndi zovala za wojambulidwayo, diso lako n'kumayendayenda mpaka likapume pankhope, pomwe pali bata pokha. Pali china cha mayi atagona chammbali pabedi, mutu atatsamiritsa padzanja, bulangete la madrafuti pansi pake, maluwa kumbuyo. Zinthu zambirimbiri, koma umabwererabe kwa mayiyo.

Ndiye taonani manja. Keïta ankadziwa poika dzanja lililonse: ili ligwire wailesi, ilo litsamire njinga yamoto, lina lionetse mphete kapena wotchi. Zina mwa zinthuzi zinali zake zomwe, ankangobwereketsa makasitomala kuti aoneke mmene ankafunira. Filimu inali yodula, moti nthawi zambiri ankajambula kamodzi basi. Ntchito yonse inkatha asanadine. Ife timadina ka 20, n'kumayembekeza kuti chimodzi chituluka chokha.

Sindikumuyeretsa mkuluyu. Pali zithunzi zina pomwe nsalu yameza munthu, umachoka ukukumbukira maluwa, nkhope utaiwala. Komanso zimene timagoma nazo lero ndi zikuluzikulu zosindikizidwira nyumba zachionetsero za ku Ulaya ndi ku America m'ma 1990, pamene eni ake ankatenga kachithunzi kokwana m'manja. Kukongola kwina n'kwa kukulako. Komabe ngakhale pafoni yanga yong'aluka galasiyi, munthu wa Keïta amaoneka kuti anafunsidwa mmene akufuna kukumbukiridwira. Agogo anga sindinawafunse. Ndinangoti, "Agogo, yang'anani kuno," n'kuwakankhira pakona.

Timizere tija ndinazimitsa. Tsopano ndisanadine ndimayendetsa diso m'mphepete monse munayi, kuona chomwe chalowa ndi chomwe ndadula, kenako ndimasuntha ndi mapazi, osati kukoka ndi zala. Sabata yatha ndinati ndiwajambule amayi pakhonde, dzuwa litapendeka. Ndinawafunsa kuti akhala pati. Anandiyang'ana modabwa, kenako anati, "Dikira kaye, ndikatenge mpango wina." Anatha mphindi 15 m'nyumbamo, ndipo anatuluka atanyamula mphika wa agogo.