Zithunzi za Pagalasi za Alice Austen

Filimu isanafale, ojambula ankagwira chithunzi pa galasi lopakidwa mankhwala, lolemera ndi losachedwa kusweka. Magalasi otere pafupifupi 3,500 ndiwo atisungira ntchito ya Alice Austen wa ku Staten Island, mu mzinda wa New York, amene anabadwa mu 1866 nayamba kujambula akali mwana.

Mayiyu sankajambula kuti apeze malipiro. Ankajambula zimene maso ake ankaona tsiku ndi tsiku: anzake akusewera tenisi, ena ali pa njinga, osesa m'misewu, ana ogulitsa nyuzipepala, ndi alendo ofika pa sitima za pamadzi. Mphamvu ya zithunzizi yagona pamenepo. Wosesa waima ndi tsache lake mwa ulemu wonse ngati mfumu, pakuti wojambulayo anamuona kuti ndi munthu woyenera kukumbukiridwa.

Koma tikamaziyamikira tisaiwale mwini wake. Chuma chake chinatha mu 1929, nyumba anatulukamo mu 1945, ndipo mu 1950 analowa m'nyumba ya amphawi. Magalasi ake atatulukira, magazini ya Life inasindikiza zithunzizo mu 1951. Ndalama zake zinamutulutsa kwa amphawi kuja, koma anamwalira mu 1952.

Paja mawu a akuluakulu akoma akagonera. Tsono ife tidzifunse: kodi nkhalamba za m'mabanja mwathu tikuzimvera zikali moyo, kapena tikudikira kudzalirira pa zithunzi zawo?