Diso la mmisiri wa penti

Ku Ndeke, mumzinda wa Kitwe, Peugeot 404 imafika kwa mmisiri itapentedwapo kanayi, mwina kasanu. Mtundu wa galimotowu unayamba kupangidwa mu 1960, ndiye dzuwa lasulutsa penti mokwanira.

Pofunafuna mtundu woyambirira wa penti, mmisiri sakhulupirira zimene akuona pamwamba. Amatukula labala wa chitseko, n'kusuzumira kuseri kwa deshibodi ndi pansi pa kapeti, kumene opaka aphuma sanafikeko. Akapeza nambala ya penti ya kufakitale, ndi mwayi. Ikasowa, amapala pang'onopang'ono ndi sandipepala yonyowa mpaka mitundu itaoneka mizeremizere. Wapansi penipeni, wogona pa pulaima, ndiwo woyambirira.

Chimene chimandigometsa ine ndi kasakanizidwe: kadontho kakuda, kadontho kachikasu, n'kupaka pakachitsulo. Akatero amatuluka nako panja, n'kudikira kuti kaume, chifukwa penti yaiwisi imanama.