Nyanja Yathu M'maso mwa Msilikali wa Pamadzi: Buku la E. D. Young

Pa 12 Okutobala 2025 zinakwana zaka 150 cilowere sitima yoyamba m'nyanja yathu ino. Dzina lake inali Ilala, ndipo woiyendetsa anali Edward Daniel Young, msilikali wa m'gulu la nkhondo la pamadzi la Angerezi. Anthu akamakumbuka ulendo umenewo amachula kwambiri Dotolo Robert Laws, popeza ndiye anakhalitsa kuno mpaka kukalamba. Young anacoka kuno mu 1876, koma anasiya buku, dzina lake Nyassa, limene linasindikizidwa ku London mu 1877. Lili m'Cingerezi, ndipo masiku ano lipezeka pa intaneti. Tsono inu atsogoleri a makalasi amene mumasowa nkhani za kwathu zowerengetsa akuluakulu, kodi mungatapemo ciyani m'bukuli, nanga muyenera kucenjera pati?

Young sanali mbusa kapena mphunzitsi. Nchito yake m'sitima za nkhondo inali yoyang'anira mizinga. Anadziwana ndi David Livingstone pa Zambezi, kumene anamuyendetsera sitima ya Pioneer. Mu Ogasiti 1866 Livingstone anafika kugombe lathu lino la kum'mawa kucokera kwa Mataka, anafuna kuwoloka pa combo ca amalonda a akapolo koma anamukaniza, nazungulira nyanja ca kumwera wapansi. Kenaka anthu ake ena, motsogozedwa ndi Musa, anamuthawa nakanena ku Zanzibar kuti waphedwa. Young anamudziwa kale Musayo, ndipo sanakhulupirire. Mu 1867 anabwera ndi bwato lacitsulo lomasula zidutswazidutswa, anafunsa anthu a m'mbali mwa nyanja, napeza umboni wakuti mzungu uja anapitirira wamoyo malo amene ankati anaferapo. Nzeru ya bwato lomasulayi ndiyo inabala Ilala.

Gawo lokoma koposa m'bukuli, kwa ine, ndi la ulendo wa sitimayo. Inali yaing'ono, mamita ngati 15 m'litali. Anaimanga pa matsiriro a Zambezi, anakwera nayo Shire, ndipo atafika pa mathithi anaimasula yonse. Mafumu a Makololo anasonkhanitsa anthu mazanamazana amene anasenza zitsulozo pamutu mtunda wa makilomita pafupifupi 100, m'nyengo yotentha, m'njira za miyala, ndipo palibe cidutswa cimene cinasowa. Apa Young alemba momveka, monga munthu wodziwa kulemera kwa citsulo, ndipo sabisa kuti popanda amtengatengawo nchito ikadathera pamathithi pomwepo. Nkhani imeneyi mutha kuifotokoza m'Cinyanja cosavuta, ndipo ndikhulupirira kuti m'kalasi simudzakhala wosinza. Asodzi athu adzakondanso masamba onena za ulendo wozungulira nyanja kumapeto kwa 1875, pamene kasitimako kanalimbana ndi namondwe, ndi pamene anazindikira kuti nyanja inatalika kumpoto kuposa mmene Livingstone anaganizira. Munthu amene anakumanapo ndi mwera ali pakati pa madzi adzavomera kuti wolembayu sananame.

Koma taonani pamene wolembayo waima. Waima m'sitima. Aona gombe monga aonera mmalinyero: apa pali doko labwino, apa pali miyala, apa tingapeze nkhuni. Paja sitimayo sinkamwa dizilo ngati Ilala wina uja amene anayamba kuyenda mu 1951. Inkadya nkhuni, ndipo nkhunizo zinkacokera m'nkhalango za kumtunda, zodulidwa ndi manja a anthu. Midzi ya makolo athu ioneka m'bukuli monga momwe mudzi uonekera kwa munthu wodutsa pamadzi: utsi, mabwinja, anthu othawa nkhondo. N'zoona kuti masiku amenewo anali oipa. Angoni ankatsika kumapiri kudzafunkha, ndipo zombo za matanga zinkawolotsa akapolo kucokera kwa Jumbe ku Nkhotakota kudza ku Losewa kuno kwathu, ulendo wa ku Kilwa. Young anaziona zombozo, ndipo mkwiyo wake pa malonda a anthu ndi weniweni. Cimene simudzacipeza ndi mmene anthu a m'malinga ankaganizira: cifukwa ciyani mfumu ina inagwirizana ndi amalondawo pamene ina inakana, ndani ankatuluka kukalima mivi ili m'manja, ndani anagulitsa mbale wake kuti apeze mfuti kapena cakudya. Kuti umve zotere uyenera kugona pamudzi miyezi, kumva cinenero, kudya nawo nsima. Amene anacita zimenezo kuno kwathu ndi William Percival Johnson, amene anakhala pa gombe lino zaka zoposa 40 mpaka imfa yake mu 1928. Mukaika buku lake la Nyasa, the Great Water la 1922 pambali pa la Young, kusiyana kwake kuoneka msanga.

Mankhwala amene Young ankawaganizira analinso a msilikali. Iye ankakhulupirira kuti sitima imodzi ya mfuti ndi amuna ocepa olimba mtima akhoza kuthetsa malonda a akapolo panyanja yonse. Amene anamutuma ku Scotland anali atawaletsa kuyamba ndewu, ndiye anangopenya zombozo zikudutsa mtima ukuwawa. Wowerenga wa ku Lago sangawerenge maganizo amenewa mopepuka, pakuti ife sitima za mfuti tinaziona. Nkhondo ya ufulu itayamba mu Seputembala 1964, ndi kuwombera kwa ku Cobué, Apwitikizi analimbitsa malo awo a asilikali a pamadzi ku Metangula, pamene iwo ankapachula Augusto Cardoso. Maboti awo nawonso anayenda pamtunda, pa njanji ndi pa magalimoto, kucokera ku nyanja ya mcere mpaka kudzatsikira ku Meponda. Sindikunena kuti Young ndi asilikali a 1964 anali ndi colinga cimodzi, ayi. Koma mwini mfuti ya pamadzi ndiye anena amene awoloke ndi amene asawoloke, ndipo agogo ambiri m'makalasi mwanu anathawira ku Likoma pa bwato usiku. Afunseni iwowo asanamve maganizo anu.

Palinso cina coyenera kudziwa. Pacikuto pa bukuli palembedwa kuti linakonzedwa ndi mbusa Horace Waller. Waller ameneyu anali m'gulu loyamba la UMCA ku Magomero mu 1861, ndipo ndiyenso anakonza mabuku otsiriza a Livingstone amene anatuluka mu 1874. Ofufuza anayerekeza mabukuwo ndi zolemba za dzanja la Livingstone, napeza kuti Waller anasiya zina ndi kusalaza zina kuti mwini wake aoneke bwino. Moyo wake wonse unali pa kudzutsa Angerezi kuti alimbane ndi ukapolo. Tsono pamene mawu a m'buku la Young atentha ngati ulaliki, nkoyenera kukumbuka kuti pacolembera panali manja awiri. Ine ndimamukhulupirira kwambiri Young pamene akamba za mphepo, za nangula, za nkhuni zatha, kusiyana ndi pamene aweruza mitundu ya anthu imene anaiona masiku awiri okha.

Za maina, aa, apa mpamene bukuli lisauka. Azungu a paulendowo tiwadziwa onse: Laws dotolo, George Johnston mmisiri wa matabwa, John McFadyen ndi Allan Simpson a makina, Alexander Riddel wa zaulimi, William Baker mmalinyero, ndi Henry Henderson amene anadzasankha malo a Blantyre. Unyinji uja unasenza sitima pamutu ungowerengedwa ngati ciwerengero basi. Ngati muwerengetsa nkhaniyi, phunziro lolemba lili pomwepo: wophunzira aliyense alembe dzina la munthu wa m'banja lake amene anagwirapo nchito m'sitima za panyanja pano, wosonkhezera moto, wodula nkhuni, wophika, kapena wokonza makina m'sitima ya Chauncy Maples imene inayamba kuyenda mu 1901, alembenso mudzi wake ndi doko limene ankakwerera.

Maso a mmalinyero aja anaonekeranso pa kusankha malo a mishoni. Cape Maclear ndi doko lokongola, lotetezeka ku mwera, ndipo kwa woyendetsa sitima linalibe cilema. Kwa anthu ogona pamtunda linali la malungo, ndiponso midzi yoti aphunzitse inali yocepa. Bukuli litha wolemba ali wokondwa ndi mudzi watsopanowo. Caka comwe linatuluka, 1877, Dotolo William Black anamwalira pomwepo, ena anatsatira, ndipo mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe. Nthawi imeneyo Young anali atabwerera ku nchito yolondera gombe la England, kumene anamwalira mu 1896.