Filimu ya Buddha in Africa ndi funso la ana amasiye

Mu 2019 Nicole Schafer wa ku South Africa adatulutsa filimu yotchedwa Buddha in Africa, imene idalandira mphoto pa chionetsero cha mafilimu ku Durban. Filimuyi ikulondola moyo wa Enock Alu, mnyamata amene adakulira ku Amitofo Care Centre kufupi ndi Blantyre, malo olererako ana amasiye amene adakhazikitsidwa ndi Hui Li, mphunzitsi wa Chibuda wochokera ku Taiwan. Anawo amadzuka mbandakucha kukapemphera, amaphunzira Chitchaina ndi kung fu, ndipo sadya nyama. Atakula, Enock akuyenera kusankha pakati pa kukaphunzira ku Taiwan ndi kubwerera kwa abale ake kumudzi.

Ubwino wa filimuyi uli m'kudekha kwake. Schafer sathamangira kuweruza. Amationetsa chakudya ndi sukulu zimene anawo alandira, kenaka amationetsa mnyamata amene wasanduka mlendo pakati pa akwawo.

Pamene yaperewera ndi pa chiphunzitso chenichenicho. Woonera angatuluke akuganiza kuti Chibuda chonse ndi mwambo umodzi wobisika, wa zofukiza ndi mabelu. Sichoncho ayi. Amitofo ndi dzina la Buddha Amitabha, ndipo kulitchula mobwerezabwereza ndi pemphero lapoyera, limene aliyense angaliphunzire. Nzosiyana ndi Vajrayana ya ku Tibet kapena tantra ya Ahindu, kumene mphunzitsi amapereka mawu opatulika kwa wophunzira yekhayo amene walowetsedwa m'mwambo.

Kusiyana kotereku tikukudziwa bwino. Kwa Nachisaka, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, amasunga zinsinsi zake kudambwe. Komabe mnyamata wolowa gule amalangizidwa ndi akwawo, m'chinenero chimene adayamwa, ndipo akatuluka amabwerera m'mudzi womwewo. Jando la kuno kunyanja limateronso. Choncho chimene chimadula mwana ku mizu yake si chinsinsi. Ngakhale chiphunzitso chapoyera chingamudule, ngati mwanayo alibe kwina kodyera.

Apa filimuyi ikuloza ife chala. Qur'an imatikumbutsa kawirikawiri za udindo wathu pa ana amasiye. Tisanadandaule kuti mwana wa m'mudzi mwathu akuleredwa ndi alendo, tiyambe tafunsa pa mzikiti pathu ngati zakaat ndi sadaka zathu zidafika pakhomo la agogo amene ankamusunga.