Kodi Abbey anali yekhadi m'chipululu muja?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tikambeko za Desert Solitaire, buku la Edward Abbey lomwe linatuluka mu 1968. Abbey ankayang'anira malo otetezedwa a Arches ku Utah mu 1956 ndi 1957, akugona m'kalavani ya boma. Kunena zoona, kulemba amakutha mkuluyu. Akamafotokoza za maluwa a cactus, zomera zaminga zija, kapena ludzu la masana, mumachita kumva kukhosi kuti gwa!

Koma pali pomwe ndimakwinya nkhope. Bukuli limakuganizitsani kuti anali yekhayekha ndi miyala. Chonsecho nthawi ina mkazi wake ndi mwana wawo wamng'ono ankakhala naye komweko, koma m'bukumo anawafufuta. Amy Irvine anamudzudzula pa zomwezi m'buku lake la Desert Cabal mu 2018.

Ndiye inu amene mukulemba za ulendo wanu, taganizani. Tsiku lomwe munadwala panjira lija, anakuphikirani phala ndani? Anakatunga madzi ndani? Mukamuchotsa munthuyo kuti muoneke dolo, nkhani ikomabe, koma mwatinamiza.

Muwerengeni Abbey, akuphunzitseni kupenyetsetsa. Zofufuta anthuzo ndiye ayi, musamutengere. Kaya inu mukuti bwanji?