Katuni wosadikira yankho

Pa Facebook pamayenda kachizolowezi kena kamene ine sindimakakhulupirira. Munthu amaika chithunzi cha Tom and Jerry, pansi n'kulemba kuti ana a masiku ano sadziwa kukoma kwa TV yakale. Ndemanga n'kuyamba kugwa ngati mvula, ena mpaka kuikapo tinkhope tolira. Koma abale, yakale yake iti? Zaka 30 zonse za Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 April 1999, ndipo ngakhale itabwera, kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi ambiri tinkangoyimvera m'kamwa mwa omwe apita ku Lilongwe. Maliro olira TV yakale tinachita kubwereka kwa Azungu ndi kwa anzathu ochepa a ku Area 47 ndi ku Namiwawa omwe padenga pawo panali dishi ya DStv.

Mbiri yathu ya zoonera za ana ndi yaifupi ndipo yayenda mothamanga. Tinayambira mu vidiyo sho: kachipinda kamdima, mabenchi, jenereta kuseri, chitseko chotchinga ndi nsalu. Mmenemo munalibe pulogalamu ya ana. Mwana ankaonera zomwe akulu alipira, Rambo ndi Jackie Chan, kenako mafilimu aja omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata omwe amawonjezera nthabwala zawozawo mpaka Mtchaina kumalankhula ngati wa kabaza wa pa Mponela. Kenako kunabwera madikoda a Wiztech ndi Philibao omwe ankakoka SABC ulere, ana ena n'kukulira pa YoTV, mpaka 2013 pomwe a ku South Africa anatseka mpata umenewo. Lero TV yeniyeni ya mwana ndi foni ya mayi ake: katuni wobenetsa pa memore, wotumizirana pa Bluetooth, kapena YouTube tsiku lomwe bandulo yapezeka.

Malo abwino oonera kusinthaku, kwa ine, ndi Dzaleka. Kale inali ndende ya andale, ndipo mu 1994 inasanduka kampu ya othawa kwawo. Anaikonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Mukapita Lachiwiri, tsiku la msika umene eni ake amautcha Mardi Marché, mudzaona chimene ndikunena. Mayi akugulitsa tomato kapena chapati, mwana wakhala pa chitenje pambali, foni m'manja. Ena atatu anayi aunjikana kumbuyo kwake, mitu kugundana. Mwana mmodzi yemweyo amalankhula Chiswahili ndi anzake, Kirundi kapena Kinyarwanda ndi agogo ake, Chichewa ndi wogula wochokera kumudzi, ndipo kusukulu akumufunsa Chingerezi. Katuni aliyense amene walowa m'manja mwa mwana wotere amakumana ndi mayeso ovuta.

Tom and Jerry amakhoza mayesowa mwachinyengo: salankhula. Mphaka akaphwanyidwa ndi chitseko, mwana wa Chisomali ndi mwana wa Chichewa amasekera pamodzi. Sindikumunyoza, ndi ntchito yaluso imene yakhalapo kuyambira 1940. Koma mwana akachoka pamenepo sanatole mawu ngakhale amodzi.

Amene ndikufuna kukhalapo pang'ono ndi a Ubongo, a ku Dar es Salaam, omwe anayamba mu 2013. Ali ndi makatuni awiri odziwika: Ubongo Kids, wa ana a ku pulayimale, ndi Akili and Me, wa ana omwe sanayambe sukulu. Mu Ubongo Kids muli Kibena, Kiduchu, Koba ndi Baraka, ana a m'mudzi wa Kokotoa, omwe amathetsa mavuto a pamudzi ndi masamu ndi sayansi mothandizidwa ndi mbalame yotchedwa Mama Ndege. Akili ndi kamtsikana ka zaka zinayi kokhala m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, ndipo kakagona kamalowa m'dziko la maloto la Lala Land komwe kamaphunzira zilembo, manambala ndi kujambula pamodzi ndi Little Lion, Happy Hippo ndi Bush Baby.

Kunena zoona, zojambula zake si zodabwitsa. Anthu ake amayenda mouma, pakamwa pamangotseguka ndi kutseka, ndipo nkhani zina zimaonekeratu kuti phunziro ndiye linayamba kulembedwa, nthano n'kuchita kusokereredwa pamwamba ngati chigamba. Pali magawo omwe Mama Ndege amalankhula ngati mphunzitsi amene akuthamangira kumaliza silabasi. Ana abwino amachulukanso. Mulibe Kalulu mmenemo, mulibe wonama wokoma amene umamukonda ukudziwa kuti ndi mbava. Ichi ndimachitenga ngati chilema chachikulu, chifukwa mwana amaphunzira zambiri kwa wochenjera amene wagwidwa kusiyana ndi kwa womvera amene wayamikiridwa.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene Akili amachita chimene chimandipangitsa kukhululuka zonsezi. Amafunsa, kenako amakhala chete. Akafunsa kuti chilembo ichi n'chiyani, kapena kuti nthochi zilipo zingati, amayang'ana mwanayo n'kudikira. Masekondi awiri atatu, palibe chikuchitika. Kwa wamkulu kamphindi kameneka n'kotopetsa, koma taonani mwana: pakamwa pamatseguka pokha, amakuwa yankho, mnzake n'kumutsutsa, wachitatu n'kuseka. Foni imodzi yasanduka bwalo. Njira imeneyi si ya Ubongo okha. Blue's Clues anayamba kuitchukitsa ku America mu 1996, Dora the Explorer n'kuitengera mu 2000. Ndipo Dina Borzekowski wa ku University of Maryland atafufuza ana a ku Morogoro ku Tanzania, anapeza kuti omwe ankaonera Akili and Me anapita patsogolo pa kuwerengera, kuzindikira manambala ndi Chingerezi poyerekeza ndi anzawo omwe ankaonera makatuni ena.

Ife sitinafunike Amereka kuti atiuze za kudikiraku. Agogo akati "Padangokhala", nthano simayenda mpaka ana ayankhe kuti "Tilitonse". Mukangokhala chete, iwo amaleka, n'kunena kuti mwagona, kagoneni. Pakati pa nthano pamakhala nyimbo imene wokamba amatsogolera, omvera n'kuvomereza. Omvera ndi theka la ntchitoyo. Pulogalamu yabwino kwambiri ya ana imene dziko lino linapangapo inamanga pa mwala womwewu, ndipo sinali ya pa TV. Ndikunena Tikwere, maphunziro a pa wailesi a theka la ola omwe anayamba kumveka pa MBC mu 2008 kwa ana a makalasi oyambirira. Mphunzitsi wa mu wailesi ankafunsa, n'kusiya mpata kuti kalasi yonse iyankhe, iyimbe, iyimirire. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, boma linabwereranso ku wailesi ndi ku Tikwere yemweyo. TV ikanathandiza ana angati m'midzi yopanda magetsi?

Tsopano ikani pambali pake Cocomelon ndi abale ake osawerengeka a pa YouTube. Mitundu yowala ngati maswiti, chithunzi kusintha pamasekondi ochepa, nyimbo ina kulowa inzake isanazizire. Palibe funso, palibe chete. Ikatha, YouTube imadziyambitsira ina popanda wopempha. Mwana amene akuonera izi amakhala duu, kukamwa yasa, maso osaphethira, ndipo makolo ambiri amatcha zimenezi khalidwe labwino chifukwa sakuvutitsa. Sindikuweruza mayi wa pamsika. Ali ndi makasitomala, alibe womusiyira mwana, ndipo malangizo a WHO a 2019 akuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera analembedwa ndi anthu omwe sanagulitsepo tomato ndi mwana kumsana. Amene ndikumuweruza ndi katuniyo. Anamupanga kuti mwana asachoke. Akili anamupanga kuti mwana ayankhe. Kusiyana kwa ziwirizi n'kumene ine ndimakutcha kusintha kwenikweni, osati zoti kale tinkaonera pa TV pano tikuonera pa foni.

Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani iyi yokha mwana wa mu kampu amaposa mwana wa m'mudzi woyandikana nawo. Ubongo anabadwira m'Chiswahili, ndipo nyimbo zake zimakoma m'Chiswahili chifukwa ndi mmene zinapekedwera. Mwana wa ku Dzaleka amamva nthabwala yake ikadali yamoyo. Ubongo amamasulira makatuni awo m'zilankhulo zambiri, ndipo zimenezo n'zabwino, koma kumasulira n'kosiyana ndi kulenga. Nyimbo yophunzitsa chilembo imadalira mawu amene amayamba ndi chilembocho, ndiye mukasintha chilankhulo mwagwetsa msanamira. Mwana wa Chichewa akufunika katuni amene analotedwa m'Chichewa: amene amadziwa kuti fulaye ndi phada ndi masewera, kuti galimoto ya mawaya imafuna dalaivala, kuti ngumbi zimatuluka mvula yoyamba ikagwa. Ma TV athu achuluka, MBC, Times, Zodiak, Mibawa, Luntha, ndipo dikoda ya Kiliye Kiliye inafika m'nyumba zambiri. Koma zimene timatcha pulogalamu ya ana kawirikawiri zimakhala zomwezomwezo: ana ovala yunifomu afola pamzere, akulakatula ndakatulo yoloweza yokhudza ukhondo kapena ufulu wa ana, wamkulu atagwira maikolofoni pambali. Ndi pulogalamu yoonetsa ana kwa akulu. Mwana wa zaka zisanu sangaisiyire mpira wake wa mapepala.

Ena adzati ndalama. Inde, katuni ndi wodula. Koma taonani kwa anansi athu. Malenga Mulendema wa ku Zambia anapeka Supa Team 4, atsikana anayi opulumutsa mzinda wa Lusaka wamtsogolo, ndipo Netflix inamutulutsa mu July 2023 mothandizana ndi Triggerfish ya ku Cape Town. Vuto lake n'lakuti ali kuseri kwa mpanda wa Netflix, komwe mwana wa ku Chawama, osanena wa ku Dowa, safikako mosavuta. Ku South Africa, Takalani Sesame anabweretsa Kami mu 2002, chidole chokhala ndi HIV, nthawi imene akulu ambiri ankaopa ngakhale kutchula matendawa. Ndipo mu December 2020 a Sesame Workshop anaonetsa Noor ndi Aziz, mapasa a zaka zisanu ndi chimodzi a Chirohingya, okhala mu kampu ya ku Cox's Bazar ku Bangladesh. Si alendo m'nkhani ya ena. Kampu ndiye kwawo, ndipo nkhani ndi yawo.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Dzaleka yatha zaka zoposa 30. Muli ana omwe makolo awo anabadwira momwemo, ana omwe sanaonepo Bukavu kapena Bujumbura, omwe Chichewa chawo simungachisiyanitse ndi cha mwana wa kwa Msakambewa. Lamulo limawasunga mkati, ndipo mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni abwerere ku kampu, ana ena omwe ankaphunzira ku Lilongwe anapezeka ali kumeneko. Pa TV yathu mwana wotereyu amaoneka pa nkhani basi, kumbuyo kwa mtolankhani, pa mzere wa chakudya. Mwana wa ku Blantyre amene amangomuona choncho adzakula akudziwa liwu limodzi lokha lomutchulira, lija la "Maburundi". Mwana wa mu kampu nayenso amakula akuona kuti nkhani zokoma zimachitikira kwina, ku Kokotoa, ku Lala Land, m'nyumba ya JJ ya makapeti.

Zipangizo zilipo kale, zangobalalika. Yetu Community Radio yakhala ikuulutsa kuchokera mu Dzaleka kuyambira 2018, m'zilankhulo zingapo, ndipo imamveka ndi midzi yozungulira. Tumaini Festival, imene Trésor Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, anayambitsa mu 2014, yaonetsa kuti mu kampumo muli oyimba, ovina, alakatuli ndi ojambula ochuluka. A National Library Service ndi a Malawi National Commission for UNESCO anazungulira dziko lino kujambula nthano kwa agogo m'zilankhulo zosiyanasiyana. Kumbali ya Congo, Burundi ndi Rwanda nakonso kuli kalulu wawo wochenjera. Anyarwanda amamutcha Bakame, a Chiswahili amati Sungura. Ine ndingakonde kuona mphindi zisanu zokha: Kalulu ndi Bakame akumana pa mjigo, aliyense akufuna kupusitsa mnzake kuti atunge poyamba, wina akulankhula Chichewa, wina Chiswahili, ndipo pakati pa mkanganowo onse awiri atembenukira kwa mwana wogwira foni, amufunsa kuti anayamba kufika ndani, n'kudikira. Fayilo yake ikhale yaing'ono yoti n'kudutsa pa Bluetooth ya kafoni ka itel.