Ulusi Wosokedwa Kuti Uduke

Mmisiri wokhoma zitsulo za denga pa nyumba zosanja ku Britain amayamba ntchito yake mapazi akadali pansi. Lamulo la m'dzikolo la 2005 limati ntchito yotheka kugwirira pansi igwiridwire pansi. Ngati kukwera nkosapeweka, m'mbali muikidwe zotchinga. Chingwe chowakha munthu akagwa chimabwera pamapeto penipeni.

Tamuonani akuvala harness, malamba okulunga mapewa, chifuwa ndi ntchafu. Sapupuluma. Lamba aliyense amamudutsitsa pakati pa zala, kufufuza pamene paperepeseka kapena pamene panagwera nthethe za moto wowotcherera zitsulo. Wapantchafu amamukoka mpaka pazingolowa chikhatho, osati nkhonya. Mphete yokolekapo chingwe imakhala kumsana, pakati pa mapewa, kuti akagwa alendewere mutu uli m'mwamba.

Koma chondigometsa ine ndi kathumba kakang'ono kali pachingwepo. M'kati mwake muli lamba wopindapinda, wosokedwa mwadala kuti adzasosoke. Telala angachite manyazi msoko wake utaphwasuka, koma pano luso lagona pomwepo. Munthu akagwa, ulusi umaduka umodziumodzi, uliwonse nkudyako mphamvu ya kugwako, ndipo amaima pang'onopang'ono. Chingwe chosatamuka chikanamugwedeza kamodzinkamodzi mpaka kumuvulaza msana. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 355 umati mphamvu yofika m'thupi isapose 6 kN, kumene kuli ngati kulemera kwa makilogalamu 600.

Kenako pamabwera masamu a kapitawo, owerengera kuchokera pamene pakoledwa mbedza ya chingwecho. Chingwe ndi mamita 2. Kathumba kakasosoka kamawonjezera mpaka mamita 1.75. Msinkhu wa munthu amauwerengera mamita 2, nkusiyanso mita imodzi yoti mapazi asagunde kanthu. Zonse pamodzi 6.75. Ndiye kuti wokola mbedza pafupi ndi mapazi ake ali pa mamita 4 okha akhoza kumenyetseka pansi ulusi usanathe kuduka. Nchifukwa chake amaikola pamwamba pa mutu.

Womutsitsa munthu akagwa amasankhidwiratu wina asanakwere, pakuti munthu wolendewera malamba amamupana m'ntchafu, magazi nkuunjikana m'miyendo, ndipo amatha kukomoka m'mphindi zochepa. Kathumba kamene kawakha munthu kamodzi sikasokedwanso ayi. Kamatayidwa limodzi ndi malamba ake.